Kusandutsa Buku la Nervous Conditions Kukhala Sewero la M'Chichewa: Nkhani ya Chinenero ndi Oonera a ku Hauna

1.0 MAWU OYAMBA

Cholinga cha pepala lino ndi kufotokoza mavuto a chinenero amene munthu angakumane nawo pofuna kusandutsa buku la nkhani yaitali kukhala sewero, makamaka pamene bukulo lidalembedwa m'Chingerezi ndipo sewerolo likaonetsedwa m'Chichewa. Tasankha buku la Tsitsi Dangarembga lotchedwa Nervous Conditions, limene lidasindikizidwa ku London ndi The Women's Press mu 1988 ndi kulandira mphotho ya Commonwealth Writers' Prize ya chigawo cha Africa mu 1989. Oonera amene tikuwaganizira ndi anthu a ku Hauna ndi a m'minda ya tiyi ya m'chigwa cha Honde, pamodzi ndi anzawo a m'minda ya ku Chipinge, amene pakati pawo pali ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique.

Bukuli limakamba za udindo wa mwana wamkazi m'banja, ndiponso za funso lakuti munthu amene waphunzira sukulu ya azungu amakhala wa kuti. Mfundo yathu yaikulu ndi yakuti Chichewa, monga zinenero zina za Chibantu, sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'alowam'malo kapena m'agwirizanitsi, koma chimawasiyanitsa m'mayina a chibale, m'aneni a ukwati ndi m'mawu aulemu. Choncho wolemba sewero ayenera kumanga ntchito yake pa zinthu zitatuzi. Akalephera kutero, oonera adzamva mawu a Chichewa, koma nkhani imene adzaimva idzakhala ina, yosiyana ndi imene mlembi adalemba.

2.0 BUKU NDI OONERA AKE

2.1 Nkhani ya m'buku

Nkhaniyi idachitikira m'dziko la Rhodesia cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kufupi ndi mzinda wa Umtali umene udasinthidwa dzina kukhala Mutare mu 1982. Mfotokozankhani ndi Tambudzai, kapena kuti Tambu, mtsikana wa pamudzi amene atate ake, a Jeremiah, saona chifukwa chophunzitsira mwana wamkazi. Ndalama zochepa zimene zilipo zipita kwa mnyamata, Nhamo. Tambu alima kamunda ka chimanga kuti apeze ndalama za sukulu, koma Nhamo amuba chimangacho. Mwayi wa Tambu ubwera mu 1968 pamene Nhamo amwalira, ndipo mkulu wa atate ake, amene banja lonse limamutcha Babamukuru, amutenga kupita naye ku mishoni kumene iye ndi mphunzitsi wamkulu.

Ku mishoniko Tambu akhala ndi Nyasha, mwana wa Babamukuru, amene adakhala zaka zisanu ku England naiwala Chishona. Pali akazi enanso atatu amene nkhani yawo ndi yofunika: mayi a Tambu, amene umphawi udawafooketsa, Maiguru, mkazi wa Babamukuru, amene ali ndi digiri yachiwiri koma malipiro ake sawagwira m'manja, ndi Lucia, mng'ono wa mayi a Tambu, amene saopa mwamuna aliyense. Buku likamatha, Tambu ali pa sukulu ya masisitere ya Sacred Heart, pamene Nyasha wadwala matenda okana chakudya.

Dangarembga mwini wake adayamba ndi masewero ali pa University of Zimbabwe, ndipo sewero lake la She No Longer Weeps lidasindikizidwa mu 1987. Nkosadabwitsa kuti m'bukuli muli zochitika zambiri zimene zili ngati zokonzekera kale bwalo: phwando lolandira Babamukuru, mkangano wa Nyasha ndi atate ake, ndi bwalo la pabanja loweruza mlandu wa Lucia ndi Takesure.

2.2 Oonera

Hauna ili m'boma la Mutasa, m'chigawo cha Manicaland, kufupi ndi malire a Mozambique. M'chigwa cha Honde, momwe mumayenda mitsinje ya Honde ndi Pungwe, mudatsegulidwa minda ya tiyi ya Eastern Highlands, Aberfoyle ndi Katiyo. Ku Chipinge tiyi adayamba kulimidwa m'zaka za m'ma 1920 pa munda wa New Year's Gift, chiyambi cha kampani ya Tanganda. Chinenero cha eni dera la Honde ndi Chimanyika, ndipo cha ku Chipinge ndi Chindau.

Minda ndi migodi ya ku Rhodesia idadalira kwambiri antchito ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Ena adabwera ndi mabungwe olemba anthu ntchito, amene kwathu ankadziwika ndi dzina la Mthandizi. Ena adayenda okha. Onsewo sadali Achewa, pakuti mudali Ayao, Alomwe, Asena, Atonga ndi Atumbuka, koma Chinyanja ndicho chidawalumikiza m'makomboni. Ambiri sadabwererenso, adasanduka machona. Ana awo adakula akumva mayina onyoza monga mabhurandaya, mawu ochokera ku dzina la Blantyre. Lamulo la unzika la 2001 lidasiya ambiri a iwo opanda dziko, kufikira pamene malamulo oyendetsera dziko a 2013 adavomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika. Malamulo omwewo, mu ndime 6, adatchula Chichewa ndi Chindau pakati pa zinenero 16 zovomerezeka.

Tiyeneranso kukumbukira kuti oonerawa amadziwa zimene zidatsata nthawi ya m'bukuli. Mu Disembala 1976, pa nkhondo ya ufulu, antchito 27 a m'minda ya tiyi ya m'chigwa cha Honde adaphedwa usiku umodzi. Oonera otere safunika kuwafotokozera kuti Rhodesia idali yotani. Chimene chingakhale chachilendo kwa iwo ndi kumva nkhani ya dera lawo lomwe ikukambidwa m'chinenero cha agogo awo.

3.0 KUMENE CHICHEWA CHIMAONETSERA MWAMUNA NDI MKAZI

3.1 Alowam'malo ndi agwirizanitsi

Tiyambe ndi chitsanzo cha kutali kuti vuto lioneke bwino. Buku la Virginia Woolf lotchedwa Orlando, la 1928, limakamba za munthu amene akhala ndi moyo zaka zoposa 300, ndipo pakati pa nkhani asanduka kuchoka pa mwamuna kukhala mkazi. Bukuli lidasandutsidwa sewero kangapo: Robert Wilson ndi Darryl Pinckney adalionetsa ku Berlin mu 1989, la Sarah Ruhl lidaonetsedwa ku New York mu 2010, ndipo la Neil Bartlett ku London mu 2022. M'Chingerezi kusandulikako kumamveka m'chiganizo chilichonse, pakuti he asanduka she. M'Chichewa zimenezi sizitheka:

(1) Adagona ali mwamuna. Adadzuka ali mkazi.

(2) Iye adapita kusukulu.

Mu (1) mgwirizanitsi a- sasintha, ndipo kusandulikako kwasenzedwa ndi mayina awiri okha, mwamuna ndi mkazi. Mu (2) palibe chotiuza kuti wopita kusukuluyo ndi Nhamo kapena Tambu. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo adasonyeza mu 1987 kuti mgwirizanitsi wa pa mneni angathe kugwira yekha ntchito ya mlowam'malo, kotero kuti nkhani ingayende mtunda wautali popanda dzina kapena iye. Magulu a mayina a Chibantu amasiyanitsa munthu ndi chinthu, chachikulu ndi chaching'ono, chimodzi ndi zambiri, koma sasiyanitsa chachimuna ndi chachikazi.

Pali akatswiri amene adamanga mfundo zazikulu pa zoterezi. Oyeronke Oyewumi, m'buku lake la 1997 lotchedwa The Invention of Women, adanena kuti pakati pa Ayoruba chimene chinkasanja anthu ndi ukulu wa kubadwa, osati kukhala mwamuna kapena mkazi. Ife tikuti pa Chichewa ndi Chishona tiyenera kusamala. Kusowa kwa he ndi she sikutanthauza kuti Tambu ndi Nhamo ndi ofanana pamaso pa atate awo. Kumangotanthauza kuti kusiyanako tikakufune kwina.

3.2 Mayina a abale obadwa nawo

Buku limayamba ndi Tambu akuvomera kuti imfa ya Nhamo sidamumvetse chisoni. Wolemba sewero ayenera kusankha momwe Tambu atchulire Nhamo:

(3) a. mlongo wanga Nhamo
b. achimwene anga a Nhamo

Mawu akuti mlongo, mofanana ndi hanzvadzi m'Chishona, sanena kuti munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Amanena kuti iye ndi wolankhulayo ndi osiyana. Mwamuna amati mlongo kwa mkazi, mkazinso amati mlongo kwa mwamuna. Choncho (3a) ikumangirira ana awiriwa pamodzi ngati mbali ziwiri za chinthu chimodzi, ndipo ndi momwe bukuli lilili: sukulu ya mmodzi ndi umbuli wa mnzake. Kuonjezera apo, kwa Mchewa mlongo wamwamuna ndiye adzakhale malume wa ana a mkaziyo ndi mwini mbumba. Mtsikana wosalira mlongo wake akukana nkhoswe yake ya mawa, ndipo mawuwo adzalemera kuposa momwe alili m'Chingerezi. Koma (3b) ili ndi a- waulemu, choncho ikuyenera kamwa la Netsai, mng'ono wa Tambu, amene Nhamo amamutuma kukasenza katundu wake. Tikuganiza kuti mitundu yonse iwiri igwiritsidwe ntchito, ndipo kusiyana kwa atsikana awiriwa kudzamveka popanda kukufotokoza.

3.3 Aneni a ukwati

(4) a. Nhamo adzakwatira.
b. Tambu adzakwatiwa.

Apa galamala yokha ikunena chimene a Jeremiah amakhulupirira. Mwamuna ali ndi mneni wochita, mkazi ali ndi msintho wochitidwa. Chishona chili chimodzimodzi: kuroora ndi kuroorwa. Maganizo a a Jeremiah ndi akuti maphunziro a mtsikana amapindulira banja limene adzakwatiweko. M'Chingerezi maganizowa amafuna chiganizo chathunthu, pamene m'Chichewa mphatikiri -iw- wanyamula kale theka lake. Palinso msintho wochitirana, kukwatirana, umene uika awiriwo pa mzere umodzi. Wolemba sewero angausunge mneni ameneyu kuti aupereke kwa Nyasha kapena kwa Lucia yekha.

3.4 Ulemu

Chingerezi chili ndi you mmodzi. Chichewa chili ndi iwe ndi inu, Chishona chili ndi iwe ndi imi, ndipo ulemuwo umalowa m'mneni aliyense:

(5) a. Tambu wabwera.
b. Babamukuru abwera.

(6) a. Kodi mwandiitana, bambo?
b. Kodi wandiitana?

Chimene he ndi she amachita m'Chingerezi, kukakamiza wolankhula kusankha m'chiganizo chilichonse, ndicho chimene wa- ndi a-, kapena u- ndi mu-, amachita m'Chichewa. Wolemba sewero sangathawe. Ayenera kugamula yemwe alandire inu ndi nthawi imene ayambe kumulandira. Tipereke zitsanzo ziwiri. Anna, mtsikana wantchito wa ku mishoni, poyamba amacheza ndi Tambu momasuka, koma Tambu atangolowa m'nyumba ya Babamukuru ngati mwana wa pakhomo, Anna ayamba kumugwadira. M'Chichewa achoke pa iwe apite pa inu, ndipo oonera amene adagwirako ntchito m'nyumba za mabwana adzazindikira msanga chimene chachitika. Chachiwiri, Lucia akalowa pa bwalo la amuna nakoka Takesure ndi khutu, amutche iwe pamaso pa akuluakulu, koma potembenukira kwa Babamukuru abwerere pa inu. Potero zidzaoneka kuti Lucia amadziwa bwino mwambo ndipo amauswa mosankha.

4.0 MAYINA A CHIBALE NDI MWINI MPHAMVU

Vuto lalikulu koposa lili pa dzina la Babamukuru. Tanthauzo lake ndi bambo wamkulu, ndiye kuti mkulu wa atate. Ashona amatsata mbali ya atate: mwamuna amapereka roora, mkazi amapita kwa mwamuna, ndipo ana ndi a mtundu wa bambo. Mphamvu ya Babamukuru pa Tambu ikuchokera pamenepo, kuonjezera pa maphunziro ndi ndalama zake. Pa mwambo wa Achewa mphamvu yotere ili ndi malume, mlongo wa mayi, pakuti ana ndi a mbumba ya kuchikazi, ndipo bambo pa chikamwini ndi mlendo pamudzi.

Pali njira zitatu. Yoyamba ndi kumasulira dzinalo kuti bambo wamkulu. Mawuwo ndi olondola, koma woonera woleredwa pa chikamwini adzafunsa kuti kodi malume a mwanayu ali kuti, ndipo Babamukuru adzaoneka ngati munthu wolowerera za eni. Yachiwiri ndi kusamutsa nkhani yonse kupita ku Dedza kapena ku Kasungu ndi kusandutsa Babamukuru kukhala malume. Mphamvu yake idzamveka, koma nkhani idzagwa. Mayi a Tambu sadzakhalanso mlendo pamudzi wa mwamuna wawo. Lucia sadzakhalanso wobwera amene amuna angakambirane zomuthamangitsa, pakuti mudziwo udzakhala wa iye ndi mkulu wake. Ndipo mawu a a Jeremiah akuti mtsikana adzapindulira eni ake adzakhala opanda maziko. Ngakhale ukwati wa chitengwa sungakonze zimenezi, popeza mkazi wotengwa amakhalabe ndi nkhoswe zake kwawo.

Njira yachitatu, imene ife tikuivomereza, ndi kusiya mayina a chibale m'Chishona monga momwe mlembi adawasiyira pakati pa Chingerezi chake: Babamukuru, Maiguru, Mainini, Tete. Oonera a ku Hauna amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ndiponso miyambo iwiriyi amaidziwa m'mabanja mwawo. Taganizirani mwana wa bambo wa Chichewa ndi mayi wa Chimanyika. Pa mwambo wa bambo ake mwanayo ndi wa kwa mayi. Pa mwambo wa mayi ake ndi wa kwa bambo. Mbali iliyonse ingathe kumuloza ku inzake. Woonera wotere sadzasokonezeka pomva dzina la Chishona m'chiganizo cha Chichewa, chifukwa umu ndi momwe amalankhulira kunyumba.

Tionjezere kuti mayinawa amatchula malo a munthu m'banja ndi kubisa dzina lake. M'buku lonse Babamukuru ndi Maiguru amadziwika ndi mayina a chibalewa. Chichewa chili ndi njira zake zofanana: mayi a uje, bambo a uje, kapena Nabanda ndi Naphiri. Wolemba sewero asachite changu kupatsa Maiguru dzina lobadwa nalo pofuna kumulemekeza. Kusowa kwa dzinako ndi mbali ya nkhani ya mkazi wophunzira amene pakhomo amadziwika ndi udindo wokha.

5.0 ZINENERO PA BWALO

Bukuli lidalembedwa m'Chingerezi, koma atengambali ake amalankhula zinenero ziwiri. Pamudzi amalankhula Chishona, ku mishoni kawirikawiri Chingerezi, ndipo wowerenga amadziwa zimenezi chifukwa mfotokozankhani amamuuza. Pa bwalo palibe wouza munthu. Khutu limamva lokha. Ngati onse alankhula Chichewa, oonera sadzamva kuti Nyasha ndi Chido aiwala chinenero cha kwawo, kapena kuti Nhamo amanamizira kuchiiwala pamaso pa mayi ake. Mayi a Tambu amaika mlandu wa mavuto onsewa pa chizungu, ndipo mlanduwo sungamveke ngati chizungucho sichimveka.

Tikupereka ganizo lakuti Chichewa chiime m'malo mwa Chishona cha m'buku, ndipo Chingerezi chikhalebe Chingerezi, koma chofupikitsidwa kuti woonera wosachidziwa asatayike. Zimenezi zikutibwezera ku nkhani ya ulemu. Pa mkangano wa usiku wa dansi, Babamukuru anyoza Nyasha kuti ndi wachiwerewere, amumenya, ndipo Nyasha abwezera. Ngati Nyasha alankhula Chingerezi, alibe chosankha pakati pa (6a) ndi (6b). Chingerezi chamupatsa njira yoyankhira atate ake ngati mnzake popanda kutukwana, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene Babamukuru sangazipirire, ngakhale ndi iye mwini amene adapita naye ku England. Tikuganiza kuti pamene mkwiyo wakula Babamukuru agwere m'Chichewa ndi iwe, Nyasha akhalebe m'Chingerezi. Kumupatsa Nyasha iwe wa Chichewa kudzamusandutsa mwana wamwano chabe, ndipo oonera akuluakulu adzaleka kumumvera chisoni.

Pali chinthu china chimene chingachitike ku Hauna chokha ndi m'malo ofanana nako. Adzukulu ambiri a machona amalankhula Chishona bwino kuposa Chichewa. Agogo akadzaona Nyasha akulephera kupereka moni pamudzi, adzaona mdzukulu wawo. Mdzukuluyo, pomvera sewero m'chinenero chimene amachimva mwapatalipatali, adzakhala pa malo a Nyasha. Apa mpofunika kusamala. Bukuli silidzudzula Nyasha chifukwa choiwala Chishona, pakuti sadasankhe yekha kupita ku England. Sewero nalonso lisakhale chikwapu chokwapulira ana amene sadasankhe kubadwira kutali ndi Mulanje kapena Mangochi.

Wolemba sewero adzapindula poyerekeza ntchito yake ndi ya Ignatius Mabasa, amene adamasulira bukuli m'Chishona mu 2021 nalitcha Kusagadzikana. Tsinde la -gadzik- ndi lofanana ndi -khazik- la Chichewa, monga momwe -gara afananira ndi -khala. Choncho dzina la sewero lili pafupi: Kusakhazikika. Mawuwa timawanena za mtima, komanso za munthu amene alibe malo okhala enieni, ndipo matanthauzo onse awiri ndi oyenera oonera athu.

6.0 MFOTOKOZANKHANI NDI NTHAWI ZA ANENI

M'bukuli muli a Tambu awiri: mtsikana amene amaona Babamukuru ngati mulungu, ndi mayi wachikulire amene akufotokoza nkhaniyo atazindikira zambiri. Sewero likataya wachikulireyo lidzakhala nkhani ya mwana wosauka amene adapeza mwayi, zimene bukuli silikunena. Tikuganiza kuti pakhale ochita sewero awiri, ndipo wachikulire alankhule kwa oonera monga wokamba nthano amachitira, kuwalola kuyankha.

Chichewa chili ndi chida chothandiza pa ntchitoyi. Mark Hanna Watkins, m'buku lake la galamala ya Chichewa la 1937, limene adalemba mothandizidwa ndi Kamuzu Banda ali wophunzira ku Chicago, adaonetsa kuti nthawi zakale za aneni zimasiyanitsa chochitika chimene zotsatira zake zikadalipo ndi chimene zotsatira zake zidatha:

(7) a. Nhamo adamwalira.
b. Ndidaakhulupirira kuti sukulu idzandimasula.
c. Ndinkaganiza kuti Babamukuru salakwa.

Mu (7a) imfa ikadalipo. Mu (7b) kutalika kwa -daa- kukunena kuti chikhulupirirocho chidatha, ndipo (7c) ikunena za chizolowezi chimene chidalekeka. Tambu wachikulire safunika kunena kuti adasintha maganizo, pakuti mneni wanena kale. Kusiyana kotereku kumadalira kutalika kwa liwu ndi kukwera kapena kutsika kwake, zimene kalembedwe kathu kawirikawiri sikazionetsa. Pa bwalo zimamveka. Apa sewero lili ndi mwayi umene buku lomasuliridwa lilibe, koma wochita seweroyo ayenera kukhala munthu amene khutu lake lidakula ndi Chichewa.

7.0 ZIMENE THUPI LIMANENA

Zina mwa zimene bukuli limafotokoza ndi mawu ambiri zingaonetsedwe popanda liwu. Pa phwando lolandira Babamukuru, Tambu azungulira ndi mbale ya madzi osamba m'manja, ndipo ayenera kutsata ukulu wa anthu osalakwitsa. Yemwe ayamba kusamba, yemwe akhala pa mpando, yemwe akhala pa mphasa ndi yemwe atsala kukhitchini, zonsezi oonera adzaziwerenga mosavuta. Chimodzimodzinso tsiku limene Tambu akana kupita ku ukwati wa kutchalitchi umene Babamukuru akakamiza makolo ake: kugona chete pa bedi pamene wamkulu akuitana ndi mawu okwanira.

Matenda a Nyasha ndi ovuta. Chichewa chilibe dzina lokhazikika la matenda okana chakudya ndi kudzisanzitsa, ndipo dotolo wachizungu wa m'bukuli amakana kuti munthu wakuda angadwale motero. Pali ngozi ziwiri. Kwa anthu odziwa njala, mtsikana wokana chakudya chabwino angaoneke wopusa. Ndiponso m'masewero athu ambiri mtsikana akasanza oonera amadziwa kuti ali ndi pakati. Tikulangiza kuti kusanzako kusaonetsedwe, koma kuonetsedwe tebulo: atate akulamula kuti mbale ithe, mwana akumeza mokakamizidwa. Kwathu kukana chakudya cha munthu ndi kukana munthuyo, ndipo ili ndi tanthauzo limene oonera ali nalo kale.

Nkhani ya yemwe achite mbali za akazi ikhudzanso mwambo. Gule wamkulu, amene UNESCO idamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, adafika m'minda ndi m'migodi ya Zimbabwe ndi machona, ndipo Ashona amamutcha zvigure. Bungwe la nyau ndi la amuna, komabe pa bwalo pamatuluka Maliya. Oonera adazolowera kuseka chifanizo cha mkazi chotere. Pa chifukwa chimenechi mbali za akazi asanu a m'bukuli zichitidwe ndi akazi. Zikapatsidwa kwa amuna, oonera adzayembekezera nthabwala.

8.0 MAWU OMALIZA

Ntchito imene tafotokozayi ili ndi poyambira. Chikwakwa Theatre ya ku Lusaka idatenga masewero kupita nawo kumidzi m'zaka za m'ma 1970. Chancellor College Travelling Theatre ya ku Zomba, imene Chris Kamlongera ndi David Kerr adagwira nayo ntchito, idayamba kuchita masewero m'zinenero za anthu mu 1981. Ndipo ku Zimbabwe kudachitika msonkhano wa masewero a chitukuko ku Murewa mu 1983. Onsewa adaphunzira kuti sewero la kumudzi limakonzedwa pamodzi ndi eni mudzi. Choncho, chilolezo cha mlembi chitapezeka, mawu a sewero ayesedwe ndi amayi othyola tiyi ndi ana awo asanalembedwe komaliza, makamaka pa iwe ndi inu, pa mlongo ndi achimwene, ndi pa kuchuluka kwa Chingerezi chimene angachilandire.

Kwa ife ophunzira zinenero, pempho lathu ndi lakuti Chichewa cha m'minda ya tiyi ya Manicaland chilembedwe ndi kufotokozedwa: mawu amene chidabwereka ku Chimanyika ndi Chindau, mayina a chibale amene chidasunga ndi amene chidataya, ndi momwe mibadwo itatu imasiyanirana pa ulemu. Wolemba sewero adzafuna mayankho a mafunso amenewa asanalembe chiganizo choyamba cha Tambu, ndipo ndi ife amene tiyenera kumupatsa.